Chaka Chimene Mbawala Zinathawa Dzuwa

Ntchito ya ku Doha anandipezera ndi apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga. Iwo ndiwo anatsogola, ndipo anali atakhalako zaka ndithu akusamalira maluwa ndi ziweto panyumba ya bwana wina wa Chiarabu ku Al Waab. Dalaivala wa panyumbapo atasiya ntchito, iwo ananditchula. Chizungu sankachidziwa, kupatula timawu towerengeka ndi tina ta Chiarabu totola pantchito, koma anakwanitsa kumuuza bwanayo kuti kwawo ali ndi mwana wodziwa chiwongolero. Ndinanyamuka ku Dowa mtima uli m'mwamba. Chimene aliyense anaiwala kundiuza n'chakuti ndikukagona nawo chipinda chimodzi.

Munthu wa kwathu waona kale pamene pali vuto. Ine ndinali mkamwini, ndinamanga pamudzi pa mkazi wanga. Ndikakumana ndi apongozi panjira ndinkapatuka, n'kunjuta m'mbali, moni n'kumapereka ndikuyang'ana tchire. Mbale imodzi sitinadyerepo. Ndikafuna kubwereka khasu lawo ndinkauza mkazi wanga, iye n'kuuza mayi ake, mayi akewo n'kuuza mwini khasu, khasulo n'kundipeza litadzera njira yomweyo. Zinkayenda bwino, ndipo chikwatirireni sitinakanganepo ngakhale kamodzi. Ndiye tangoganizani munthu yemweyo akukulozerani bedi loyandikana ndi lake, loti mutatambasula mkono mukhoza kumukhudza, n'kunena kuti, "Akamwini, pogona ndi apa."

Tsiku lomwelo ndinamanga chingwe pakati pa mabedi awiriwo, n'kupachikapo chitenje chimene mkazi wanga anandikulungiramo ufa. Iwo anachiyang'ana n'kugwedeza mutu kuvomereza. Posintha zovala ndinkapita kubafa. Pakudya iwo ankayang'ana khoma lawo, ine langa. Pakakhala nkhani ya ntchito ankalankhula kuseri kwa chitenjecho, ine n'kumayankha kuti, "Zikomo bambo," kaya ndavomereza kaya ayi.

Lachisanu, tsiku lopuma, ndinkatsikira ku Al Doha Al Jadeeda kukagula mayunitsi m'timasitolo takumeneko ndi kukaonana ndi anzanga a kwathu, alonda ndi ogwira m'mahotela. Nkhani yanga inali ndiwo yawo.

"Wafika mkamwini wa pa ndege!" ankatero mmodzi wa iwo, wa ku Ntcheu, wolongolola ngati wailesi. "Aise, tiuze zoona. Ukafuna kuwapempha madala rimoti ya AC, umayamba waimbira ku Malawi?"

Onse ankagwa nako kuseka, ine ndikusekera limodzi, koma m'kati ndikuyaka, chifukwa zinali zoona. Apongozi ankakonda kutsegula makina oziziritsa m'chipinda mpaka mano kugundana. Ine ndinadwala chimfine, ndipo ndinadandaulira mkazi wanga pafoni. Patapita masiku ndinamva mawu kuseri kwa chitenje: "Mayi anu kumudzi akuti mumazizidwa." Anachepetsa. Ndinaona kuti njira yathu ya kumudzi ikugwira ntchito ngakhale kutsidya kwa nyanja, ndipo ndinaidalira.

Bwanayo anali ndi mbawala. Sizinali ngati za kwathu zija, izi zinali za mawanga oyera pamsana, zochita kuitanitsa ku Ulaya, koma ife tinkangoti mbawala. Zinkakhala kuseri kwa nyumba mumpanda wa waya, wokhala ndi denga mbali imodzi ndi timapaipi topemerera madzi kukatentha. Zinali zochepa, zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Imodzi yaikazi inali yoyera kumaso konse, ndipo imeneyo bwana ankaikonda koposa. Akabwera ku ofesi ankayamba wapita kumpanda asanalowe m'nyumba, iyo n'kubwera kudzanunkhiza mkanjo wake woyera.

Koma amene ankazidziwa ndi apongozi. Kwathu iwo anali munthu wa mbuzi. Anthu ankachokera midzi yakutali kudzabwereketsa tonde wawo, ndipo mbuzi ikadwala pamudzi, asanaganize za alangizi, ankayamba athamangira kwa iwo. Mbawalazo ankazilankhula Chichewa, kuzikalipira zikamalimbirana chakudya, kuzifunsa mmene zadzukira. Chimene chinkawapweteka ndi chakudya chake, udzu wouma wa m'mabelo ndi timibulu ta m'matumba. Ndinawamva kangapo akung'ung'udza kuti chiweto chodya zouma chaka chonse chili kundende.

M'nyengo yozizira chaka chimenecho, akazi a bwana anaitanitsa maluwa atsopano oti abzalidwe m'mbali mwa khoma lonse. Anakula msanga, poti madzi sankawasowa, ndipo apongozi anayamba kuwadulira. Lamulo la panyumbapo linali loti zodulira zonse aziika m'majumbo akuda, galimoto ya zinyalala izidzatenga. Kwa munthu wa kwathu limenelo ndi tchimo. Kwathu chilichonse chobiriwira chimene wadula umachiponya m'khola. Nanga m'dziko la mchenga, lopanda ngakhale dambo limodzi, munthu angataye masamba aawisi ziweto zikuyang'ana? Iwo anayamba kuponyera mbawala.

Ndinaziona m'mawa wina ndikutsuka galimoto. Anadutsa atanyamula nthambi zodzaza manja, nazikhuthulira mumpanda, mbawala n'kuthamangira. Nditayang'anitsitsa, ndinazizindikira. Timaluwa tachikasu tosakanikirana ndi tofiirira, masamba okhakhala, tizipatso takuda timene tinkadya tili ana pobwera kusukulu. Chinali chitsamba cha lantana, chimene kwathu chimangomera m'malunje popanda wochibzala, koma kuno anachigula ngati duwa lamtengo wapatali.

Ndisanapite ku Doha ndinayendetsako lole yotolera mkaka kwa alimi. Pakhomo lina ndinaona ng'ombe ya mawanga akuda ndi oyera itabisala kuseri kwa nkhokwe, paliponse poyera pakusupuka, pakuda pali bwinobwino. Mlangizi wa ziweto amene anali pomwepo anati yadya lantana. Zambiri sindinkadziwa. Sindinkadziwanso ngati mbawala zimavutika chimodzimodzi. Mbuzi za kwathu zimayenda m'tchire, zimabudula apa ndi apo, zimadziwa chosiya. Izi zinali za mumpanda, zolakalaka chobiriwira chilichonse, ndipo zinkamaliza mpaka timitengo.

Ndinaima ndi paipi m'manja, madzi akungotayika pansi. Mawu ofunika anali ochepa: bambo, chitsamba chimenecho chimapha ziweto. Ndinawayeserera mumtima. Ndinafika mpaka potseka madzi n'kuyenda kulowera kumene anali. Koma nditaona imvi zawo ndi mmene ankamwetulira poona mbawala zikudya, miyendo inandikhotetsa yokha, ndipo ndinakathera kugalaja kukafuna nsanza imene sindinkaifuna. Ine mkamwini, wobwera dzulodzuloli pa tikiti imene iwo anandipemphera, ndikauze munthu amene dera lonse limamutama pa ziweto kuti akudyetsa poizoni? Pakamwa panakana.

Masana ndinaimbira mkazi wanga. Ndinamufotokozera zonse mosabisa, za ng'ombe ija, za mlangizi, za chitsambacho.

"Ndiye mukufuna ineyo ndiwauze bambo kuti sadziwa kuweta?" anandifunsa. "Mwatopa nane eti?"

"Si choncho. Ungowauza kuti lantana asiye. Zikafa mbawalazi ntchito iwathera."

"Chabwino, ndiwauza amayi."

Anawauzadi. Amayiwo anadikira Lachisanu, tsiku limene apongozi ankaimba foni kumudzi. Uthenga wanga unadutsa m'kamwa mwa anthu awiri owalemekeza, ndipo aliyense anausalaza pang'ono kuti usawabaye. Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinamva akutsokomola kuseri kwa chitenje, chizindikiro choti akufuna kulankhula.

"Akamwini, ndamva kuti mukuyamikira mmene ndikusamalira mbawala. Akutinso mwati ndizisamala ndi masamba ena. Mwachita bwino. Mankhwala amene amapopera maluwa aja ndikuwadziwa. Ndimayamba ndatsuka ndisanaziponyere."

Pamenepo ndiye panali poyenera kulankhula. Khomo anali atanditsegulira okha. Ndinayang'ana chitenje, maluwa ake ofiira aja, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti, "Zikomo bambo."

Nditalephera pakamwa ndinayesa ndi manja. Akatembenuka ndinkalowa mumpanda n'kutola nthambi zotsala. Ndikapeza mulu wa zodulira ndinkaulongedza msanga m'majumbo n'kukauika panja pa geti, ngati munthu wongofuna kuthandiza. Iwo anafika pouza mayi kumudzi kuti mkamwini wawo ndi wakhama. Koma dalaivala sakhala pakhomo. M'mawa ndinkaperekeza ana kusukulu, kenako akazi a bwana kumisika, n'kuima m'misewu yodzaza ndi malole opita kumene ankamanga mabwalo a mpira. Pobwera ndinkapeza timitengo tokhatokha m'fumbi.

Kuzizira kutatha, dzuwa la kumeneko linayamba kuonetsa mano. Mbawala zinasintha. Poyamba zinkangopukusa mitu ngati zikuingitsa ntchentche, chonsecho ntchentche palibe. Kenako zinasiya kuyendayenda, zonse n'kuunjikana pakona pamene mthunzi unali wakuda kwambiri, ndipo mthunziwo ukasuntha nazo zinkasuntha. Makutu anatupa n'kugwa pansi ngati nsanza zonyowa. Zikope zinatupa. Zinkadzikhula nkhope pawaya mpaka magazi. Yoyera kumaso ija ndiyo inazunzika koposa. Mphuno yake inang'aluka, khungu n'kuyamba kusupuka kuzungulira maso, ndipo tsiku lina itapeza chitseko cha kachipinda kosungiramo udzu chili chotsegula, inalowa n'kukaika mutu kuseri kwa matumba, osafunanso kutuluka.

Bwana anali kunja kwa dziko masabata amenewo. Apongozi anati ndi kutentha. Anatsegula timapaipi ta madzi tsiku lonse, anazidzoza mafuta, ndipo pofuna kuti zipeze mphamvu anawonjezera masamba aawisi. Iwo eni chakudya chinasiya kulowa. Mbale yawo inkabwerera mmene yapitira. Ine ndinaimbiranso mkazi wanga, nthawi ino mokalipa, ndipo analonjeza kuti Lachisanu likudzalo alankhula nawo yekha. Lachisanulo lisanafike, bwana anabwera.

Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kumpanda, anaima pang'ono, natulutsa foni. Dzuwa lisanafike pamutu kunabwera dokotala wa ziweto, munthu wamtali wa ku Sudan, wodekha. Apongozi anamugwirira yoyera ija. Dokotalayo anakweza chikope, ndipo m'kati mwa diso, moyenera kukhala moyera, munali chikasu ngati dzira. Anayang'ananso m'kamwa. Kenako anafotokozera bwana m'Chizungu, ine ndikumva.

Anati vuto silinayambire pakhungu, layambira m'chiwindi. Chiweto chikadya msipu, m'zobiriwiramo mumatsala kanthu kena kamene chiwindi chimayenera kuchotsa kudzera mu ndulu. Chiwindi chikawonongeka kanthuko kamatsalira m'magazi, n'kufika pakhungu, ndipo dzuwa likawomba pamenepo khungulo limapsa ngati lathiridwa madzi otentha, makamaka poyera ndi popanda ubweya wambiri. N'chifukwa chake zinkathawa kuwala. Anati funso n'lakuti chawononga chiwindi n'chiyani. Anayenda mozungulira mpanda akuyang'ana pansi, anawerama, natola kanthambi. Anakanunkhiza, nayang'ana maluwa a m'mbali mwa khoma aja. Anangokapereka kwa bwana.

Bwana ameneyu sanali munthu wankhanza. Pa nthawi ya chikondwerero chawo ankatipatsa nyama ndi zovala, ndipo apongozi anga iye ankawatcha mdala wake. Koma tsiku limenelo anapsa mtima. Anaitana aliyense, wophika wa ku India, atsikana ogwira m'nyumba, mlonda wa pageti. Kenako analoza ine. Anati popeza timalankhula chinenero chimodzi, ndiimirire pakati ndizimasulira.

Ndinayandikira n'kunjuta, poti apongozi anali ataima pomwepo ndipo sindikanatha kuwatalikira. Bwana anandikalipira kuti ndiimirire. Ndinaimirira. Kanali koyamba m'moyo wanga kuima maso ndi maso ndi bambo a mkazi wanga, anthu akuonerera.

Anandiuza kuti ndiwafunse amene wakhala akuponya nthambizo. Ndinafunsa. Iwo anayankha mosabisa kuti ndi iwowo, ndipo amayamba atsuka. Nditabweza yankholo, bwana anaphulika. Anati ndiwauze kuti adyetsa ziweto zake poizoni kwa miyezi. Ndiwauze kuti yoyera ija mwina sichira. Ndiwauze kuti analamulidwa kutaya zinyalala m'majumbo ndipo anaphwanya lamulo. Ndiwauze kuti ndi bulu, imvi zili mbuu koma m'mutu mulibe kanthu. Anamaliza n'kundiyang'ana, kudikira.

Apongozi nawo ankandiyang'ana, manja atagwirana kutsogolo, chipewa chili m'khwapa. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka ndi izi:

"Bambo, bwana akuti masamba aja mwina sakugwirizana nazo bwino mbawalazi. Akuti pali kakulakwika pang'ono. Akupempha kuti muwasiye kaye."

Ndinaona mapewa awo akutsika. Kwa masabata anali asakudziwa chimene chikudya ziweto zawo, ndipo tsopano auzidwa kuti ndi kanthu kakang'ono kotheka kukonza. Anamwetulira, kumwetulira kwathu kuja koonetsa kuti munthu wamva ndipo alibe mangawa. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, akuseka motsitsa, nayankha bwana mwachindunji ndi Chiarabu chawo chochepacho.

"Ooh, mafi mushkila, baba. Mafi mushkila."

Ndiko kuti palibe vuto. Iwo ankatanthauza kuti asiya lero lomwe. Koma chimene bwana anaona ndi munthu amene wangouzidwa kuti wapha chiweto, watukwanidwa pamaso pa anthu, ndipo akuseka n'kumati palibe vuto. Nkhope yake inazizira. Anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndawauza zonse zimene iye wanena.

Ndinati inde.

"Khalas," anatero, kutanthauza kuti zatha, ndipo analowa m'nyumba.

Dokotala analamula kuti mbawala zonse zitsekeredwe mumdima kwa masabata, zizidya udzu wouma wokha, zizimwetsedwa makala osungunula ndi madzi ambiri, zilonda zizitsukidwa. Tinazilowetsa m'kachipinda ka udzu kaja, mawindo n'kuwatseka ndi makatoni. Asanachoke, dokotalayo anawakokera apongozi pambali. Analoza kanthambi kaja, analoza pamimba pake kudzanja lamanja, analoza dzuwa, kenako anadutsitsa chala pakhosi. Zimene ine ndinalephera ndi Chichewa changa chonse, munthu wa ku Sudan anazinena ndi chala chimodzi. Apongozi anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

Yoyera kumaso ija inafa patapita masiku ochepa. Tsiku lomwelo wophika anabwera kudzatiuza kuti bwana wauza a ku ofesi kuti akonze tikiti ya mdala, achoke mwezi ukatha.

Ndinadikira mpaka nditamunyamula bwana yekha pagalimoto. Tili pa maloboti ndinamupempha kuti ndilankhule. Ndinamuuza kuti mdalayo sanaseke mwachipongwe, kuti ine ndi amene sindinamasulire zonse, kuti kwathu munthu sanganene mawu otere kwa bambo a mkazi wake, kuti ngakhale za chitsambacho ndinali nditazikayikira kale. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati anandifunsa pamaso pa anthu ndipo ndinati inde. Ndiye kaya ndinanama tsiku lija, kaya ndikunama lero kuti ndipulumutse mdala wanga, ndipo iye akuona kuti ndi lero. Anandigwira paphewa kuchokera kumbuyo n'kunena kuti ndine mwana wabwino. Pa mawu onse amene ndinauzidwa m'dziko limenelo, palibe amene anandichititsa manyazi ngati amenewo.

Apongozi sanadandaule kwa aliyense. Masiku awo otsalawo anathera m'kachipinda ka mdima kaja, akumwetsa mbawala ndi botolo, akutsuka zilonda ndi kansalu, akuzilankhula motsitsa. Maluwa aja anazula okha, khoma lonse, mpaka manja kutuluka matuza. Masana ena ndinalowa m'chipinda chathu n'kupeza chingwe chili chokha. Chitenje anali atachitenga kukatseka mpata wa pamwamba pa chitseko cha mbawala, pamene dzuwa la masana linkalowera. Sanapachikepo china. Tinakhala choncho, mabedi awiri akuyang'anana, aliyense maso kudenga.

Mkazi wanga pafoni ankangolira. Anali atawauza mayi ake zonse, mayi akewo n'kuwauza iwo, moti apongozi anadziwa kuti uthenga woyamba uja unanyamuka uli wotani. Lachisanu ndinasiya kupita ku Al Doha Al Jadeeda. Nkhani inali itafika kale kumeneko, ndipo ndinamva kuti ngakhale wa ku Ntcheu uja sanaipezere nthabwala.

Tsiku lonyamuka, ine ndi amene ndinauzidwa kuti ndiwaperekeze ku bwalo la ndege. Ndinaika chikwama chawo kumbuyo n'kuwatsegulira chitseko chakumbuyo, monga ndinkachitira nthawi zonse. Iwo anachitseka, nazungulira, nakhala kutsogolo pambali panga. Tinayenda kudutsa m'tauni, mpaka tinafika ku Ras Abu Aboud kumene msewu umayandikira nyanja. Kunja kunali kowala moti maso ankawawa.

"Akamwini," anatero akuyang'ana kutsogolo, "tsiku lija bwana anati chiyani?"

"Anakwiya, bambo."

"Zoti anakwiya ndinaziona mochedwa. Ndikufunsa mawu ake. Munene mmene ananenera. Musachotsepo, musathire shuga."

"Bambo, ndi mawu oti sindingathe..."

"Kontirakiti yatha, viza akansela, ndege ikundidikira. Mukuopanso kuti chiwonongeka n'chiyani? Yala, nenani," anatero, ndi kamawu ka Chiarabu kofulumizitsa munthu.

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse. Ndinawauza za poizoni, za lamulo la majumbo, za yoyera ija. Ndinalekeza pomwepo. Iwo anadikira. Ndiye ndinanena, mawu akutuluka ngati ndikusanza minga:

"Anati ndinu bulu. Anati imvi zili mbuu koma m'mutu mulibe kanthu."

Sanadzidzimuke. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira katundu wake amene anasochera.

"Ndi zomwezo basi?"

"Ndi zomwezo, bambo."

"Bulu ndi chiweto, akamwini, sindikanafa nazo. Mukanandiuza choncho pomwe paja, ndikanagwada. Ndikanagwira mwendo wake. Munthu uja ndakhala naye zaka, ndikumudziwa, amapsa mtima msanga koma akaona munthu wagwada amatembenuka. Ine ndinaseka. Chiweto chikufa, ine n'kumaseka pamaso pa mwini wake." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ulemu munandipatsa, sindikukana. Koma ndikanakonda mukanandipatsa mawu."

Misozi inali itatseka msewu, ndipo ndinachepetsa liwiro mpaka a m'mbuyo anayamba kuliza mahutala. Ndinkafuna kupepesa, koma ngakhale kupepesako ndinapeza kuti ndikukukonza kaye mumtima kuti kumveke bwino, ndipo ndinadzinyansa.

Pabwalo la ndege ndinatsitsa chikwama. Ndinayamba kupinda mawondo kuti ndinjute, koma anandigwira pamkono n'kundiimiritsa. Kenako anandipatsa dzanja. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanaligwirepo. Linali lokhakhala, matuza a maluwa aja asanapole. Anandiyang'ana m'maso, ndipo nane ndinayesetsa kuti ndisayang'ane pansi.

"Mbawala yaimuna ija diso lakumanzere likadatuluka misozi," anatero. "Wobwera m'malo mwangayo sadziwa kanthu, adzafuna kuzitulutsa msanga. Musalole. Dzuwa lisazione mpaka dokotala atanena. Akakakamira, mumuuze pamaso, ngakhale akhale wamkulu kwa inu."

"Ndamva, bambo."

"Ndakuuzani ndekha. Sindinatume munthu."

Ananyamula chikwama n'kulowa. Ine ndinabwerera ku Al Waab, ndipo ndisanaimike bwino galimoto ndinapita kukaona ngati chitenje chija chikadali pamwamba pa chitseko.